Khoma Limene Amayi Anazira

Anandilanda khoma ndi khasu. Khasulo linali la malemu bambo anga. Khomalo silinali la nyumba ayi, linali la dzenje limene ndinkakumbamo dothi loumbira njerwa ku Mchengautuwa, kumunsi kwa njira yopita kudambo. Sekani ngati mukufuna. Ambiri anaseka kale, ndipo kuseka kwawoko sikunandiphe.

Ndinasiya sukulu ndili Folomu 2. Sindinalephere mayeso, ndipo aliyense wonena kuti ndinalephera ndi wabodza. Bambo anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Zomba kudzayendetsa galimoto ya boma. Anadwala nyengo imodzi ya mvula n'kutisiya, fizi n'kupita nawo kumanda. M'nyumba ya boma anatitulutsamo misozi isanaume. Tinasamukira ku Mchengautuwa, amayi n'kuyamba kugulitsa mandasi pamsika, ine n'kutenga khasu limene bambo ankalimira kadimba kuseri kwa nyumba. Anzanga a m'kalasi ankadutsa m'njira atavala yunifolomu, ine ndili m'matope mpaka m'mawondo. Ena ankayang'ana kumbali. Ena ankaima n'kundipatsa moni mwachifundo, ndipo amenewo ndi amene ndinkadana nawo kwambiri.

Ntchito ya njerwa ilibe chinsinsi. Umakumba, umathira madzi, umaponda, umadzaza m'chikombole, umakhuthula pabwalo, kenako umafunditsa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Mdani wako ndi mwala ndi phale. Kaphale kakatsala m'dothi, njerwa imasweka mu uvuni, choncho woumba aliyense akapeza phale amaliponya kutchire osaliyang'ana kawiri.

Tsiku lina m'chilimwe, dzenje litazama mondipitirira mutu pang'ono, khasu linakhudza mlomo wa mphika. Ndinati ndiuzule ndiutaye, koma unali waukulu, ndiye ndinapala khomalo kuti ndione pamene wathera. Zimene ndinaona zinandiimitsa. M'katondo wofiira munali mzere wakuda wa makala ndi phulusa, wochindikala ngati chikhatho, utagona mopingasa. Pakati pa khoma mzerewo unaduka. Kumanja unapitirira, koma m'munsi, motsika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala. Podukapo panali mng'alu woimirira wodzaza mchenga woyera, wotakata pansi, wowonda pamwamba, ngati mchengawo unachita kukwera wokha. Mphika uja unali pamng'alu penipeni. Theka lake linali pamwamba kumanzere, theka lina m'munsi kumanja, ndipo milomo yonse iwiri inali ndi mizere yofanana, yonga yolembedwa ndi chipeso. Pamwamba pa zonsezi panagona dothi lina lotuwa, losaduka paliponse, mpaka kumizu ya udzu.

Ndani amadula mphika pakati n'kukwirira theka lina pansi pa linzake? Funso limeneli linandivuta mpaka ndinasamba miyendo n'kupita ku Chiputula, kwa aphunzitsi amene ankatiphunzitsa za nthaka ndi mapiri. Anali bambo wamfupi wa ku Rumphi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ndinali ndisanapondeko kwawo chisiyireni sukulu, chifukwa sindinkafuna kundimvera chisoni. Sanandimvere chisoni. Anamvetsera, anatenga njinga yawo, n'kundiuza kuti ndikwere pakaliyala.

Analowa m'dzenjemo ndi nsapato zawo za kusukulu. Anaima nthawi yaitali, mphuno ili pafupi ndi khoma.

"Iwe, wagwirapo chiyani apa?"

"Palibe, aphunzitsi. Ndangopala."

"Yewo. Usagwirenso. Ngakhale mbuzi isanunkhizepo."

"Ndi chiyani kodi?"

"Unkagona m'kalasi mwanga?"

"Ndinkamva njala, sindinkagona."

Anaseka, n'kuthyola kamtengo. Analoza mzere wakuda uja. Apa, anatero, panakhala anthu kalekale, Mzuzu kulibe, anakoleza moto, anaphika, n'kusiya mphika wawo. Analoza mng'alu. Kenako nthaka inagwedezeka mwamphamvu, inathyoka, mbali iyi n'kutsika pamodzi ndi theka la mphika, ndipo madzi a pansi anafinyidwa n'kukwera ndi mchenga m'mng'alumo. Analoza dothi lotuwa la pamwamba. Ili linabwera pambuyo pake, ndipo chibwerereni silinathyokepo.

"Ndiye chivomezicho chili pakati pa mphika ndi dothi la pamwambali. Odziwa mapale akayang'ana mizere iyi amadziwa kuti anaumba ndi anthu a nthawi iti. Makalawa amatha kuwayeza n'kudziwa zaka zake. Ukadziwa za mphika, wadziwa kuti nthaka ya pano inathyoka liti. Ndipo pamene panathyokapo kale pamathyokanso."

Zivomezi tinkazidziwa tonse. Mbale zinkalira pathandala, nkhuku n'kukuwa, amayi n'kuthamangira panja ndi ana, kenako aliyense n'kumaseka mnzake kuti wathawa opanda nsalu. Zikatha zinkakhala zatha. Sindinkadziwa kuti nthaka imasunga.

"Mwina ndikunama," anatero aphunzitsi akukwera kutuluka. "Mwina ndi dothi longotsetsereka kupita kudambo. Ine ndimaphunzitsa za m'buku. Koma alipo anthu a ntchito imeneyi, ndipo mmodzi ndinaphunzira naye."

Mnzawoyo ankagwira ntchito ku Lilongwe, ku ofesi ya boma yoona za zinthu zakale. Aphunzitsi anamulembera kalata, ndipo yankho lake linabwera mvula isanayambe. Adzadutsa pa Mzuzu paulendo wopita ku Karonga, ndipo adzaima kuti aone. Zikadzakhala monga aphunzitsi anafotokozera, adzabweranso ndi anzake chilimwe chotsatira kudzakumba bwinobwino, ndipo adzafuna munthu wodziwa dzenjelo. Anthu otere, anatero aphunzitsi, ofesiyo imawatenga n'kuwaphunzitsa ntchito: kujambula makoma, kuyeza, kusanja mapale. Ena amapita nawo mpaka ku Lilongwe.

Ndinene mosabisa. Za anthu akalewo ndinkazifuna kudziwa, inde, koma chimene ndinaona pakhoma lija chinali khomo lotulukira m'matope. Sukulu inanditsekera khomo limodzi, ndipo ili linali lachiwiri. Lachitatu sindinkaliyembekeza.

Ndinasiya kukumba mbali imeneyo, ngakhale kuti dothi labwino linali komweko. Ndinamanga kadenga ka udzu pamwamba pa khoma kuti mvula yoyamba isalikokolole. Ndinatchinga ndi minga. Ana obwera kudzasuzumira ndinkawathamangitsa ndi zibuma, ndipo amayi awo anayamba kunena kuti mwana wa mayi wa mandasi uja mabuku anamuzunguza mutu. Amayi anga poyamba ankadandaula kuti ndikulondera dzenje m'malo moumba. Kenako ndinawamva akuuza mnzawo wa kutchalitchi, mayi wa ku Nkhata Bay, kuti mwana wawo akufunidwa ndi boma. Ananena motsitsa mawu, ngati chinthu choti chingathawe.

Koma masiku amenewo mlendo wa boma sankalowa m'dera tcheyamani wa chipani asakudziwa. Aphunzitsi akanabisa, akanafunsidwa kuti akubisiranji. Ndiye anakanena.

Tcheyamani wathu anali telala. Sankakalipa. Ankayankhula mofatsa, tepi yoyezera ili m'khosi, ndipo ankadana ndi chinthu chokhota. Ukadutsa pashopu yake kolala itapindika, ankakuitana n'kukukonza yekha. Anabwera kudzenje madzulo ena ndi anyamata awiri a chipani a malaya ofiira. Anasuzumira atagwira thalauza lake kuti lisakhudze minga.

"Alendo a boma adzaone ichi? Khola la nkhumba?"

"Ndi mmene akufunira, a tcheyamani. Akuti pasagwire munthu."

"Akuti ndani?"

"Aphunzitsi."

"Aphunzitsi analandirapo alendo angati m'dera muno?" Anamwetulira. "Mwana wanga, iwe wapeza chinthu, tathokoza chomene. Za kulandira alendo utisiyire eni ake."

Ndinkadziwa tanthauzo la kulandira alendo. Tonse tinkadziwa. Kukamveka kuti kukubwera wamkulu, misika inkatsekedwa, tinkasesa misewu, kutchetcha udzu, kupaka laimu miyala ndi mitengo mpaka m'chiuno, kuthira dothi m'maenje a mumsewu loti likhale tsiku limodzi lokha. Chilichonse chong'ambika chinkabisidwa. Mlendo akaona chonyansa, wonyozeka ndi tcheyamani, ndipo tcheyamani akanyozeka dera lonse limamva kuwawa. Ndinkadziwa zonsezi, komabe ndinaganiza kuti adzasesa njira, adzapaka miyala laimu, n'kulekera pomwepo. Kupusa kwake kumeneko.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mlendo afike, ndinapita m'mawa kukathandiza munthu wina kupakira njerwa m'ngolo. Pobwerera, khasu lili paphewa, ndinamva nyimbo kumunsi kwa njira. Ndinathamanga.

Kadenga kanga kanali pamoto pamodzi ndi minga. Amayi a chipani, atavala nsalu zawo zofanana, anazungulira dzenje akuimba. Awiri anakhala pabeseni, akutsuka mapale ndi sopo n'kumawakwecha ndi mchenga kuti mwaye uchoke. Theka limodzi la mphika linali kale padzuwa, likuuma. M'dzenjemo anyamata a malaya ofiira anali atakoka chingwe kuchokera kungodya kufika kungodya, akusema khoma kuti liwongoke. Mzere wakuda anali ataukumba ngati mbewa, kulowa mkati mpaka mkono wonse, chifukwa tcheyamani anati mapale amene aoneka ndi ochepa, mlendo angaone ngati ndife aumbombo. Makala ndi phulusa anali kuwolera m'madengu n'kukataya kudambo.

"Siyani!" ndinakuwa. "Mukuononga! Siyani, zitsiru inu!"

Nyimbo inaduka. Tcheyamani anali pampando pansi pa mtengo. Sanaimirire.

"Wati ndani zitsiru, mwana wanga?"

"Chimene akubwerera mlendoyo ndi chimene mukugumulacho!"

"Akubwerera miphika yakale. Miphika ndi iyi, tikumutsukira. Ukufuna akagwire zamwaye, adetse malaya?"

"Akubwerera mng'alu!"

Anyamata aja anaseka mpaka wina anakhala pansi. "Mng'alu!" anatero mmodzi. "Bwana achoke ku Lilongwe ndi petulo wa boma kudzaona mng'alu? Kwathu khoma lonse ndi ming'alu, abwere adzaone ulere."

"Khadi lako lili kuti?" anafunsa wina, atandiyandikira.

Ndinali nalo. Amayi ankaonetsetsa kuti khadi la chipani lisachoke m'thumba mwanga. Ndinalitulutsa n'kumuonetsa pafupi ndi maso. Tcheyamani anagwedeza mutu ngati wakondwera.

"Khadi lili bwino. Koma khasu m'manja mwa munthu wokwiya si chinthu chabwino pakati pa amayi. Mulandeni, timusungire."

Anandigwira atatu. Ndinalimbana nawo, koma anandipotoza mkono n'kundikhazika pamulu wa njerwa zosweka, mmodzi atandipanikiza phewa. Khasu la bambo linali lakuthwa kuposa awo onse, chifukwa ndinkalinola m'mawa uliwonse. Mnyamata amene analitenga analiyesa ndi chala, anaimba mluzu, n'kutsika nalo m'dzenje. Tcheyamani anati mlendo sangadumphire m'dzenje ngati chule, pafunika makwerero. Anayesa apa, katondo n'kulimba. Anayesa apo, n'kulimbanso. Kenako anapeza pofewa, pamene panali mchenga woyera. Makwerero anawasema pamng'alu penipeni, ndi khasu langa, ine ndikuona.

Atamaliza kusema, tcheyamani anaitana wozira. Pa Mchengautuwa ponse panalibe wodziwa kuzira ngati amayi anga. Pansi pa nyumba yathu ya lendi pankawala ngati pa simenti, ndipo pakakhala ukwati anthu ankabwera kudzawapempha. Anatuluka pakati pa amayi anzawo atanyamula ndowa ya mtsiro wakuda wa kudambo. Sindinawaone pofika paja. Anatsika makwerero atsopanowo, anagwada, n'kuyamba. Dzanja lawo linkayenda mozungulira, kuchokera kumanzere kupita kumanja, mosathamanga, kenako n'kusalaza ndi mwala wa kumtsinje. M'mphepete anadula mzere woyera wowongoka. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ndinawaitana. "Amayi!" Dzanja linaima pang'ono, kenako linapitiriza.

Aphunzitsi anafika masana ataweruka. Anatsika panjinga, anayang'ana khoma lakuda losalala, makwerero, miyala yopaka laimu kuzungulira dzenje. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mwagwira ntchito chomene, adada," anauza tcheyamani.

"Yewo, asambizgi. Timayesetsa."

Ndinawayang'ana kuti anene china. Podutsa pafupi nane anangonong'ona kuti, "Khala chete, uli ndi amayi ako." Ndikudziwa kuti mphunzitsi wotsutsana ndi tcheyamani ankadzuka atasamutsidwira kumene basi sifika, kapena kuposa pamenepo. Ndikudziwa. Koma kudziwa sikunandichotsere mkwiyo, ndipo mpaka lero ndikakumana nawo moni wanga ndi waufupi.

Kunyumba amayi anayamba okha, akusamba mtsiro m'manja.

"Unkafuna nditani? Nditaye ndowa pamaso pa tcheyamani? Mawa ndikagulitse kuti mandasi?"

"Mukanati mukudwala."

"Akanazira wina, moipa. Bola ine." Anapukuta manja. "Komanso lakongola, iwe. Mlendo akaona ukhondo umene uja adzadziwa kuti ndiwe mwana wochokera pakhomo la anthu. Adzakulemba ntchito."

Ankakhulupiriradi zimenezo. N'chifukwa chake sindinawayankhe. Ndikanayankha, ndikananena mawu oti sakanachoka m'nyumbamo.

Mlendo anafika dzuwa lili pamutu, pa galimoto ya boma yodzaza fumbi. Anali bambo wowonda wa nsapato zakutha, osati bwana wa tayi amene anthu ankayembekeza, ndipo nthungululu zinachedwa pang'ono chifukwa amayi a chipani ankasuzumira m'galimoto kufuna wina wamkulu. Anamukhazika pampando. Kunali magule. Kunali mawu a mlembi wa nthambi, mawu a tcheyamani wa amayi, mawu a tcheyamani mwini wake, onse othokoza boma chifukwa cha mtendere ndi chitukuko. Mlendo ankayang'ana wotchi, kenako dzenje, kenako wotchi.

Patebulo loyala nsalu yoyera anasanjapo mapale, aakulu kumbuyo, aang'ono kutsogolo. Pakati panali mphika uja. Tcheyamani anali ataulumikiza yekha ndi guluu wa nsapato, mwaluso, mzere kukumana ndi mzere, n'kuikamo maluwa ofiira.

Mlendo anauyang'ana n'kunena kuti zikomo. Kenako anatsika makwerero, anaima pa lomaliza, n'kuyala chikhatho pakhoma.

"Paja anandiuza za mng'alu. Uli mbali iti?"

"Takonza, bwana," anatero tcheyamani. "Panali ponyansa."

"Mwauponda," ndinatero ine.

Ndinali kumbuyo kwa gulu, koma mawu anga anamveka chifukwa ng'oma zinali zitaleka. Anthu anatembenuka. Amayi anga anagwira pakamwa.

"Mwaima pomwepo, bambo. Anaugumula dzulo kuti mupeze popondapo. Mphika uwo unali magawo awiri, lina pamwamba lina pansi. Makala ali kudambo. Ndinawauza, anandilanda khasu."

Tcheyamani anamwetulirabe, koma khosi lake linatupa pansi pa tepi. "Mwanayu, bwana, anasiya sukulu. Mutu wake..."

"Ndi amene anapeza malowa?" anafunsa mlendo. "Tatsikani kuno, achimwene."

Ndinatsika. Anatulutsa m'thumba kachitsulo konga ka amisiri omanga nyumba, koma kakang'ono, n'kupala m'mbali mwa khwerero lachiwiri, pamene mtsiro sunafike. Anapala pang'onopang'ono, ngati akumeta mwana. Panatuluka kamzere ka mchenga woyera, kowonda ngati chingwe cha nsapato. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Theka la pamwamba linali pati?"

Ndinaloza m'malere, pamene kale panali dothi.

"La pansi?"

Ndinalozanso m'malere.

Anapuma mozama. Anayankhula motsitsa, kuti a pamwamba asamve.

"Ndikukukhulupirirani, achimwene. Koma chala chanu sindingapite nacho ku ofesi. Ntchito yathu yonse ndi malo: chinthu chagona pati, pansi pa chiyani, pamwamba pa chiyani. Phale likachoka pamene linagona langokhala phale."

"Kumbani kuseri kwa khomali. Mng'alu ukupitirira."

"Mwina ukupitirira. Koma mng'alu wokha sunena nthawi, ndipo ming'alu imabwera ndi zambiri. Umboni unali mphika wodukawo ndi makala ake. Moto wa anthu amenewa unali waung'ono, ndipo taonani, aukokolola wonse." Analowetsa dzanja m'phanga limene anyamata anakumba, limene amayi analitseka ndi mtsiro, n'kutulutsa katondo yekhayekha. "Akuluakulu anga sangatumize anthu ndi galimoto chilimwe chonse chifukwa cha kamzere aka."

"Ndiye ntchito ija?"

Sanandinamize, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza. "Palibe chokumba, palibe ntchito. Mukadzapeza pena, zinthu zili m'malo mwake, musadzagwire. Mudzandipeze."

Dalaivala analiza hutala. Mlendo anakwera makwerero, anathokoza amayi chifukwa cha khoma lokongola, nthungululu n'kulira. Anatenga timapale tiwiri n'kutikulunga m'mpango. Mphika anausiya, akuti ukhale chikumbutso cha dera. Galimoto inatembenuka n'kulowera njira ya ku Karonga, ana akuithamangira.

Madzulo ake tcheyamani anandiitanitsa kushopu. Khasu langa linali litatsamira kuseri kwa makina osokera. Ankadula nsalu ndi sizasi yaikulu, ndipo sanasiye kudula.

"Wanyoza dera pamaso pa alendo. Wanyoza amayi amene anasiya ntchito zawo kudzakukonzera malo. Wanyoza amayi ako okubala. Ine sindikwiya, ndiwe mwana wamasiye. Pamsonkhano wa Loweruka udzagwade, udzapepese, udzanene kuti tinakonza bwino. Ukatero utenge khasu lako, ubwerere kudzenje lako."

"Simunakonze bwino."

"Sindinamve."

"Mwamva. Munaononga. Ndikagwada ndinene kuti munakonza, ndiye kuti mng'alu uja kunalibe, ndipo ine ndine wamisala monga munauzira mlendo."

Sizasi inaima. "Ukudziwa kumene amapita anyamata olankhula chonchi?"

"Ndikudziwa."

Sindinagwade. Ndinatuluka chiimirire. Sananditumize kulikonse. Mwina anaona kuti kumangitsa mwana wamasiye chifukwa cha dzenje kungamuchititse manyazi kwa akuluakulu ake. Anachita zosavuta. Loweruka lomwelo anyamata ake anakwirira dzenje, akuti ana angagweremo, ndipo analengeza kuti m'dera lake ndisaumbenso njerwa. Amayi anandipempha mpaka analira. Anati kugwada sikuthyola bondo. Anati iwo amagwada tsiku lililonse ndipo sanafe. Ndinawauza kuti ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake m'nyumba muno mukufunika mmodzi wosagwada. Anakhala masiku osandiyankhula. Kenako m'mawa wina anandiikira mandasi awiri m'thumba la malaya, ndipo nkhaniyo sitinaibwerezenso.

Tsopano ndimakumba zimbudzi ndi zitsime, ndi khasu lobwereka. Ndi ntchito imene anthu amakuitana atatsina mphuno, koma ili ndi ubwino umodzi: imakulowetsa pansi pa mabwalo a anthu ambiri. Ndikukumbukira kumene mng'alu uja unaloza, ndipo ntchito zonse za mbali imeneyo ndimazilandira, ngakhale mwini wake akhale wovuta chotani. Khoma lililonse ndimalipala ndisanatuluke. Eni nyumba amandifunsa kuti ndikusalaziranji khoma la chimbudzi, ndani adzaliona. Ndimawauza kuti ndine waukhondo, ndinaphunzira kwa a tcheyamani.

Kamzere koyera kaja ndinakapezanso kamodzi, m'chitsime cha munthu wina cha kumtunda, kataima chimodzimodzi m'katondo. Panalibe mphika, panalibe makala. Ndinakayang'ana mpaka mwini chitsime anaponya kamwala kuti aone ngati ndili moyo. Sindinauze munthu, ngakhale aphunzitsi. Anthu akale aja sanakoleze moto pamalo amodzi okha. Tsiku limene ndidzapeze moto wawo wina utadulidwa pakati, ndidzabwezera dothi ndi manja anga, ndidzauza mwini malo kuti pali thanthwe tikumbe pena, ndipo ndidzakwera basi ya ku Lilongwe popanda kutsanzika tcheyamani aliyense. Mlendo adzabwere ngati wodzagula nkhuku. Pasadzamveke ng'oma.

Mphika uja uli pashopu ya telala. Maluwa anauma, tsopano amasungiramo mabatani. Ndikamadutsa amakweza mutu pamakina n'kundiitana mofatsa, ngati palibe chinachitika.

"Mwana wanga, khasu lako likukudikira. Loweruka kuli msonkhano."

"Lisungeni bwino, a tcheyamani. Muzilinola."

Anthu amati ndiiwale, khasu ndi chinthu chogula pamsika. Sindiiwala, ndipo sindigula lina. Ngongole ya a tcheyamani kwa ine ndi iyi: khasu limodzi la bambo anga, lobwezedwa ine ndili chiimirire, ndi khoma limodzi lokhota, la mwaye, monga ndinalipezera. Khasulo akhoza kubweza ngakhale mawa. Khomalo sindikudziwa kuti akalitenga kuti, koma sindichotserapo kanthu.